Chisoso Chosamata Buluku

Mpaka lero ndikamadutsa m'dambo n'kuona kaduwa kachikasu, malovu amadzadza okha m'kamwa. Si njala ayi, ndi mantha. Anzanga a pamsika ku Nchalo nkhaniyi amaidziwa mbali yoseketsa yokha, ndiye ndati ndiifotokoze ndekha mwini wake, chifukwa tsiku limenelo panalibe amene ankaseka. Ukwati wa mwana wa mlongo wanga unatsala pang'ono kufera m'kamwa mwangamu.

Ine ndine telala, ndimasoka pakhonde la sitolo ina pamsikapo. Mlongo wanga atamwalira anasiya mwana wamwamuna, Layisoni, ndipo ndinamulera ndine. Anakula, anapeza ntchito yothirira m'minda ya nzimbe, kenako anapeza Rozina, mtsikana wa dera la Mbenje amene ankabwera kudzagulitsa mpunga. Mnyamatayo anakonda moti ankaiwala kudya. Tsiku lina anandipeza ndikusoka, n'kukhala pansi pafupi ndi makina.

"Atsibweni, ngati sindikwatira Rozina, ine basi sindidzakwatira."

Ndinamuuza kuti asiye kulankhula ngati wailesi, nkhaniyo aisiye m'manja mwanga. Koma mumtima ndinkadziwa kuti si yapafupi. Ife ndife Amang'anja, kwawo kwa Rozina ndi Asena, ndipo Asena akamapereka mwana wamkazi amadziwa kuti akupita ndithu, ana odzabadwawo adzakhala a kuchimuna. Ndiye amafufuza mtundu wanu mpaka kumizu: kwanu mumadwala chiyani, mumafa ndi chiyani, kuli amisala, kuli afiti. Mwini mawu pabanja limenelo anali a Zuze, mkulu wa bambo ake a Rozina. Tinamva kuti a Zuzewo anabwezapo kale mnyamata wina wa ku Marka, wa njinga yamoto yakeyake, chifukwa chongomva mphekesera yakuti kwawo kuli matenda akugwa. Sanafunsenso kawiri.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Wokalankhula ndinali ine. Ndinapempha achimwene anga aakulu kuti andiperekeze (munthu wofatsa, mkulu wa mpingo, amene chiyambire sanalakwirepo munthu kupatula kubadwa mimba imodzi ndi ine). Ndinadzisokera jekete yatsopano. Sabata yonse ndinkaloweza moni wa Chisena pamakina, mpaka makasitomala ankandiyang'ana modabwa.

Vuto linayamba ndi nzimbe. Dzulo lake la ulendo ndinkadya nzimbe mosusuka, khungu lake n'kundicheka kunsi kwa lilime. Kutacha kachilondako kanali katatupa, ndipo ndikati nditchule mawu kankandibaya. Tangoganizani, munthu ukupita kukapempha mwana wa eni ake ndi pakamwa, pakamwa pomwepo n'kukhala pali chilonda.

Tinakwera minibasi atatu, ine, achimwene ndi Layisoni. Tinatsika titapitirira Bangula n'kuyamba kuyenda wapansi kulowera kumadimba, mbali ya ku Shire. Mvula inali itangosiya kumene, m'njira monse muli chinyezi, dzuwa nalo likuwotcha ngati lili ndi mangawa nafe. Achimwene anayamba kudandaula chilungulira chifukwa cha zitumbuwa zomwe anadya pasiteji. Layisoni sankadandaula kanthu, koma milomo yake inali itauma gwa ndi mantha, ankangoinyambita.

Tikuwoloka kadambo kena, ndinaona m'mbali mwa njira mwadzaza timaluwa tachikasu, ting'onoting'ono ngati mabatani a malaya. Mtima unangoti phee. Chisoso! Mayi athu ankatitafunitsa chisoso tikakhala ndi zilonda m'kamwa, ndipo zinkapola. Ndani sadziwa chisoso? Tadya chisoso chibadwire, tachipalira m'munda, tachitukwana chitatimata zovala.

Ndinakwinya buluku n'kulowa. Masamba sindinawafune, ndinati angandisiyire zobiriwira m'mano pamaso pa apongozi (mukuona nzeru zimenezo?). Ndinangobudula timitu ta maluwa tokhatokha, mofulumira, osawerama n'komwe bwinobwino, mpaka thumba la jekete linadzadza.

"Kodi chimenecho n'chisoso?" anafunsa achimwene ali kunjira.

"Achimwene, ine ndi imvi zangazi ndingasokoneze chisoso?"

"Ayi, ndimangofunsa. Chikuoneka ngati chikuyanga pansi."

"N'chifukwa cha chinyezi. Chakhuta madzi, chagona."

Nditatuluka ndinayang'ana buluku langa. Loyera bwinobwino, popanda kanthu ngakhale kamodzi komata. Aliyense amene analowapo m'chisoso akudziwa kuti umatuluka miyendo ili bii ndi timinga take takuda tija. Apa mpamene munthu wanzeru akanaima n'kuganiza. Ine ndinaseka, n'kunena kuti, "Taonani, chisoso cha kuno n'chaulemu, chikudziwa kuti tili pa ulendo wa ukwati." Ndinatapa pang'ono n'kupatsa achimwene kuti chilungulira chikavuta atafune. Ndinatapanso n'kupatsa Layisoni, ndinati kukamwa kukauma kwambiri aponye m'kamwa. Sitinatafune pomwepo chifukwa kutsogolo kunali kutatulukira kale mayi wina amene anatumidwa kudzatichingamira, ndipo si ulemu kukumana ndi apongozi ukubzikula ngati mbuzi.

Anatilandira bwino, zimenezo ndisaname. Ine ndi achimwene anatipatsa mipando pansi pa mtengo wa masawu. Layisoni, monga mwa mwambo, anamusiya patali kuseri kwa khola la mbuzi kuti adikire mpaka ataitanidwa. Amayi a pamudzipo anakhala pamphasa chapakhonde. Rozina sanaoneke, anali m'nyumba. Kuseri tinamva tambala akulira atagwidwa, ndipo achimwene anandigunda ndi chigongono kuti zinthu zikuyenda.

Tinadikira kanthawi. Kenako chitseko chinatseguka, a Zuze akutuluka: munthu wamtali, wowonda, wa maso osaphethira. Kachilonda kanga kanabaya nthawi yomweyo. Ndinati ndisachite chibwibwi pa moni weniweniwo, ndinapisa m'thumba, kutapa timaluwa tambirimbiri, n'kuponya m'kamwa mwakabisira ngati ndikutsokomola. Ndinatafuna msangamsanga n'kumeza.

Poyamba sizinamveke kanthu, kakomedwe ka udzu basi. A Zuze anakhala pansi, anakonza buluku pamaondo. Kenako, abale anga, lilime langa linayamba kulira. Sindikudziwa kuti ndinene bwanji. Munayamba mwanyambitapo waya wa batire muli ana? Zinali choncho, koma m'kamwa monse, milomo, nkhama, mpaka kummero. Kunyerenyetsa, kuzizira, kutentha, zonse nthawi imodzi. Kenako dzanzi. Ndinayesa kugunda mano ndi lilime, osamva kuti lilime lili pati. Ndiyeno malovu. Mayo ine, malovu! Sindinkadziwa kuti m'thupi la munthu mmodzi mungakhale madzi ochuluka chotero.

"Mwafika, alendo," anatero a Zuze.

Ndinameza. M'kamwa munadzadzanso. Ndinamezanso. Ndinatsegula pakamwa kuti nditulutse moni wanga wa sabata yonse uja, ndipo chimene chinatsogola si mawu. Dovu linatsika pachibwano, n'kudontha pa jekete yatsopano.

"Mwa... mwathye... lwa... thani."

Mayi wina pamphasa anaika dzanja pakamwa.

Ine mantha anandigwira zenizeni. Maganizo oyamba anali akuti ndi sitiroko, yandipeza pakhomo pa eni ake. Ndinagwedeza zala zakumanja, zikugwira ntchito. Zakumanzere, zikugwira. Ndiye ndinati kapena kachilonda kaja kalowa poizoni, kakufalikira. Ndipo mukudziwa chimene ndinachita? Ndinaganiza kuti mankhwala achepa. Ndinapisanso m'thumba n'kuwonjezera ena (inde, ndikudziwa, musandiuze).

A Zuze anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa m'bale wawo wina amene anakhala pambali pawo.

"Tawanunkhizani awa. Kapena adzera pa kachasu."

Bamboyo anabweradi, munthu wamkulu ndithu, n'kuwerama pankhope panga ngati akusankha nsomba pamsika. Ananunkhiza kawiri.

"Nkhabe. Alibe fungo."

Kunena zoona, bola akanapeza fungo. Kuledzera ndi mlandu wa munthu mmodzi, umapepesa n'kutha. Koma mowa utachotsedwapo, ndinaona nkhope za amayi aja zikusintha. Anayamba kunong'onezana, ndipo ndinamva mawu amene ndinkawaopa kuposa onse: matenda akugwa.

Ndinagunda achimwene ndi bondo kuti alankhule ndiwo. Tsoka silinunkha. Achimwene ataona ine ndikuchucha dovu, mantha anawakwezera chilungulira mpaka pakhosi, ndipo anali atangoponya kumene gawo lawo m'kamwa kuti akonzeke kundipulumutsa. Anaimirira mwaulemu wawo wonse wa kumpingo, anapinda manja, anatsegula pakamwa. Ndinaona maso awo akukula. Anagwira tsaya. Anayang'ana ine, anayang'ana kumwamba.

"Ambuye... Yethu," anatero achimwene, dovu likutsikira pa tayi.

Mayi mmodzi anakuwa n'kukokera mwana wake kumbuyo. A Zuze sanasunthe.

"Awa ndi abale anu a mimba imodzi?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Kukana kunali kosatheka, timafanana mphuno.

"Kwanu zimenezi zimachitika kawirikawiri?"

"Ayi! Thi... thithimathelo ife!"

"Ninji?"

"Akuti satero," anamasulira bambo wonunkhiza uja.

"Satero, koma akutero," anatero a Zuze. "Itanani mnyamatayo timuone. Ngati zili m'magazi, tiona."

Apa mtima wanga unakhala pansi pang'ono. Layisoni ndi mnyamata wooneka bwino, wathanzi, wolankhula modekha. Ndinati akangofika n'kupereka moni, aona okha kuti mtundu wathu ndi wabwinobwino, vuto ndi madala awiriwa. Ndinali nditaiwaliratu zimene ndinamupatsa kudambo.

Iye anandiuza pambuyo pake kuti atamva dzina lake likuitanidwa nthawi isanakwane, kukamwa kunauma moti lilime linamatirira. Anakumbukira malangizo a atsibweni ake okondedwa. Anaponya zonse.

Anatulukira kuseri kwa khola akuyenda bwinobwino, malaya oyera, nsapato zopolisha. Atafika pakati pa bwalo anayamba kuchedwetsa mapazi. Anagwada pamaso pa a Zuze, anaomba m'manja, anadzutsa nkhope. Sindidzaiwala nkhope imeneyo. Milomo ili lende, maso ali tong'o, misozi ikulengeza, ndipo kukamwa kumene kunali kouma kuja tsopano kukuyenda ngati ngalande za kuntchito kwake.

Atatu. Amuna atatu a banja limodzi, titandandalika pabwalo la eni ake, tonse tikuchucha.

Kuseri ndinamva mayi wina akunena kuti, "Mutayeni tambalayo." Ndinamuona ndi maso anga tambala uja akudutsa pabwalo, chingwe chili kumwendo, akuthamangira kubango.

Ndinafuna kulira. Ndinaganiza za mlongo wanga, kuti akanakhala moyo akanandiyang'ana bwanji. Mwana wake ndinamulera bwinobwino, sanagonepo ndi njala, ndipo lero ndamubweretsa kudzamunyazitsa pamaso pa mkazi amene amamufuna. Ndinati ndipukute kaye kumaso ndiyese kufotokoza. Ndinasolola kansalu kopukutira thukuta m'thumba la jekete, ndipo pamodzi ndi kansaluko panatuluka timaluwa tonse totsala, n'kumwazika mbwee pafumbi, pakati pa ine ndi a Zuze.

Ndimaganiza kuti zinthu zafika kale pothera. Ayi ndithu, kunali kusanache.

A Zuze anaimirira pang'onopang'ono. Anayang'ana timaluwato, anayang'ana pakamwa panga.

"Ninji pyenepi? Zimenezi n'chiyani? Mwabwera mukutafuna mankhwala pakhomo panga?"

Kwa amene simukudziwa, kuno kwathu zimanenedwa kuti munthu akamapita pamlandu kapena kokapempha chinthu chovuta, ena amapita kwa sing'anga n'kupatsidwa kanthu kotafuna, kuti mawu ake akatuluka afewetse mitima, anthu angovomera ngati atulo. Kugwidwa ndi zimenezo pofunsira mbeta ndi chipongwe chachikulu, ndiye kuti eni mwanawo mwawayesa zitsiru. Ndiye ife tinachoka pa oledzera, kupita pa odwala, tsopano tinafika pa okhwima. Achimwene, mkulu wa mpingo, anangokhala pansi n'kuphimba nkhope ndi chipewa.

"Ndi chithotho!" ndinakuwa. "Chithotho chabe!"

"Akuti chisoso," anatero womasulira uja.

"Chisoso?"

A Zuze sanatsutse ndi pakamwa. Anayenda mpaka kumpanda wa bafa, anazula chitsamba china ndi mizu yomwe, anabwera n'kuchiponya pamapazi panga.

"Chisoso ndi ichi. Kapena ku Nchalo muli ndi chanu?"

Ndinachitola. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinachiyang'ana chisoso, osati kungochiona. Chimaima chilili, tsinde lake lili ndi ngodya zinayi, ukaligubuduza pazala umazimva. Tsamba lake ndi logawikana patatu, m'mphepete muli mano ngati a sowo. Duwa lake pakati ndi lachikasu inde, koma lophwatalala, ena ali ndi timapiko toyera m'mbali, ndipo pamene duwa lauma pamakhala timinga takuda tija. Pomwe ndinkachiyang'ana n'kuti tina titandimata kale pamkono wa jekete. Kenako ndinatola kamodzi ka tanga tija. Kachikasu kokhakokha, kotukuka pamwamba ngati kachulu, kopanda minga. Ndinakumbukira mawu a achimwene akuti chikuyanga pansi. Ndinakumbukira buluku langa loyera lija. Ndadya chiyani ine? Ndawadyetsa chiyani abale anga?

Ndipo tsopano pamaso pa a Zuze ndinali wabodza wogwidwa. Ndanena kuti chisoso, chisoso chabwera, sichikufanana.

"Nyamukani," anatero. "Mwana wathu sapita kumtundu wotere. Kaya ndi matenda, kaya ndi mankhwala, zonse ziwiri sitikuzifuna."

Layisoni anali chigwadire. Anangoweramitsa mutu, mapewa akugwedezeka. Ine ndinayesa kugwada nawo, koma mawu opepesa ukamawatchula ndi lilime lakufa amangowonjezera mlandu.

Ndi pamene chitseko cha nyumba chinatseguka. Rozina anatuluka. Mwambo sulola zimenezo, mtsikana saonekera nkhani yake ili pakamwa pa akuluakulu. Mayi ake anakuwa kuti abwerere, iye sanacheuke. Anayenda mpaka pakati pa bwalo, anagwada pafupi ndi Layisoni, n'kuyamba kutola timaluwa tija pafumbi. Anatiuzira kuchotsa dothi.

"Baba," anatero kwa a Zuze, "aka si kamene kamamera kudimba kwathu, m'mbali mwa ngalande? Kofiirira tsinde, masamba ake osagawikana? Tili ana tinkapikisana kutafuna tikamaingitsa mbalame kumpunga. Ndipo mayi amaika pa dzino likamawawa."

Mayi ake anasuzumira ali pamphasa pomwepo. "Kakufanana nako," anatero monyinyirika.

"Kufanana si kukhala komweko," anatero a Zuze. "Awanso akuti chinafanana ndi chisoso. Ndipo amuna atatu onse dzino liwawawe tsiku limodzi? Lowa m'nyumba."

Rozina sanalowe. Anangoponya m'kamwa zonse zimene anatola, dzanja lodzadza, n'kuyamba kutafuna akuwayang'ana a Zuze m'maso.

Bwalo lonse linakuwa. Mayi ake anadzuka n'kugwira kumutu. Ine ndinafuna kumuletsa, chifukwa ndinkadziwa chimene chikubwera, ndipo mlingo umene anatapawo unaposa wanga. Sipanapite nthawi. Maso ake anafiira, misozi inatsika, milomo inayamba kunjenjemera, kenako dovu, pa chitenje chake chatsopano chimene anavalira tsikulo. Mtsikana wokongola ngati ameneyo, pamaso pa abale ake onse ndi alendo. Sanapukute. Analankhula pang'onopang'ono, akulimbana ndi lilime, ndipo aliyense anamva popanda womasulira.

"Ngati ndi matenda, baba, ndiye nanenso ndadwala, mundipereke kwa odwala anzanga. Ngati ndi mankhwala ofewetsa mtima, achedwa nawo. Wanga unafewa kale asanatafune kanthu."

Ndakhala ndikusoka madiresi a akwati zaka zambiri, ndamva malumbiro ambiri m'tchalitchi, koma sindinamvepo lumbiro loposa limenelo, ngakhale linatuluka ndi malovu.

A Zuze anakhala chiimire. Kenako anawerama, anatola kaduwa kamodzi kotsalira, anakatembenuza, anakanunkhiza. Anakaluma ndi mano akutsogolo, mosamala ngati akuyesa ndalama yachitsulo. Tonse tinali maso pa iwo. Ndinaona nsidze zawo zikukwera. Anagwira mlomo wam'munsi ndi zala, anaukoka, anausiya. Anatembenuka n'kulavula kutali, analavulanso, kenako anakhala pampando.

Lilime langa linali litayamba kubwerera pang'onopang'ono, ngati mwendo umene unaukhalira.

"Inu atelala," anatero pomaliza, mawu awonso atalemera pang'ono. "Kameneka munatafuna kangati?"

"Sindinawerenge, bambo. Kawiri konse, dzanja lodzadza."

"Kachiwiriko chifukwa chiyani?"

"Ndimayesa mankhwala achepa."

Anandiyang'ana ngati akuona chinthu chimene sanachionepo chibadwire. Anapukusa mutu.

"Munthu wokhwima sangapuse chonchi," anatero. "Khalani pansi. Yambiraninso moni wanu uja."

Umu ndi mmene ndinapulumukira, abale anga. Sanandikhulupirire chifukwa cha jekete, kapena Chisena changa choloweza, kapena mbiri yabwino ya banja lathu. Anandikhulupirira chifukwa anaona kuti uchitsiru wanga ndi weniweni, wosachita kupanga. Ndinayambiranso moni, anayankha mwa Chisena kuti ali pyadidi, kutanthauza kuti ali bwino, nkhani inayenda. Rozina anamulowetsa m'nyumba mayi ake akumukalipira njira yonse. Tambala uja sanapezekenso.

Pobwerera tinadzeranso padambo paja. Achimwene anaima, anandigwira pamkono n'kundikokera m'mbali mwa njira. Anandilozera pansi. Kanali pomwepo, kakuyanga pamatope, tsinde lofiirira, masamba amodziamodzi osongoka kunsonga. Ndipo chapafupi pomwepo, pamalo ouma pang'ono, panali chisoso chenicheni chitaima, ngati chikundidikira. Ndi zapachibale ndithu, maluwa ake ukawaonera patali ungalumbire kuti ndi amodzi. Kungowerama kokha kukanandipulumutsa.

"Ndinakufunsa," anatero achimwene. Mawu awo onse a ulendo wobwerera anali amenewo, ndipo sanadyenso kanthu kochokera m'manja mwanga mpaka chaka chinatha.

Safunsa anadya phula, amatero akuluakulu. Ine vuto langa linali lina: wofunsa analipo, ine ndinamuyankha mwachipongwe. Masiku ano ndisanabudule kanthu kalikonse ndimayamba ndawerama, kuyang'ana tsamba, kugwira tsinde. Dzina lenileni la kachitsambako sindikulidziwabe, aliyense amene ndamufunsa amangoti ndi kamankhwala ka dzino. Koma ndisakunamizeni kuti ndinasinthiratu. Ukwati utachitika n'kuona kuti banja lakhazikika, ndinayamba kumauza anthu pamsika kuti zonse zija ndinachita dala, ndinkafuna kuyesa ngati mtsikanayo amamukondadi mwana wathu. Ndinainena kambirimbiri mpaka ndinayamba kuikhulupirira ndekha.

Mwezi wathawu a Zuze anabwera ku Nchalo kudzaona mdzukulu, mwana woyamba wa Layisoni ndi Rozina, kamnyamata konenepa kamene kayamba kumene kumera mano. Anandiitana kuti tikadyere limodzi. Anamunyamula mwanayo, anamukhazika pamwendo, akumuseweretsa. Mwana anaseka, ndipo dovu linatsika pachibwano mpaka pa buluku la a Zuze. Iwo analiyang'ana. Kenako anadzutsa maso osaphethira aja n'kundiyang'ana ine.

"Atelala, paja munati si za kumtundu?"

Onse anaseka, ine ndinasekanso nawo. Koma atangotembenuka, ndinamutambasula mwanayo kadzanja kuti ndione ngati wafumbata maluwa. Munalibe kanthu.